Nyanja Ikaphwa, Nsomba Zimathawira Kuti?

Mawu a Bambo Mfumu pa Tsiku la Agogo ndi Okalamba

Kawerengeni kunyumba: Numeri 8:23-26, Salimo 92, Luka 2:22-38



Lero ndi Lamulungu lachinayi la mwezi wa Julaye, tsiku limene Mpingo wa Katolika pa dziko lonse umakumbukira agogo ndi okalamba. Analikhazikitsa ndi Papa Francis m'chaka cha 2021, ndipo analiika dala pafupi ndi pa 26 Julaye, pamene timakondwerera Yowakimu ndi Anna Oyera, makolo a Amayi Maria. Ambuye Yesu nawonso anali ndi agogo.

Chaka chino ndafuna kuti tikambirane nkhani imene ambiri timaizemba, nkhani ya kupuma pantchito. M'parishi yathu ino muli aphunzitsi, anamwino, apolisi, asilikali, oyang'anira ndende, alembi a m'maofesi a boma ndi ogwira ntchito ku yunivesite. Chaka chilichonse ena mwa inu mumalandira kalata ija yokuuzani kuti zaka 60 zakwana. Anzanu amakukonzerani phwando, amakupatsani bulangete kapena wotchi ya pakhoma, mumajambulitsa zithunzi. Lolemba lotsatira palibe amene amaimba foni kufunsa kuti mwadzuka bwanji. Ndaona akhristu amene ankakhala kutsogolo m'tchalitchi muno akusunthira ku benchi ya kumbuyo, kenaka osaonekanso. Ena timadzamva dzina lawo pa chilengezo cha maliro. Zimenezi zimandipweteka, ndipo ndikhulupirira kuti zimamupwetekanso Mulungu.

Ulendo wa kwa Kuntumanji

Mwezi wathawu ndinapita kwa Mfumu Yaikulu Kuntumanji, kumunsi kuchigwa cha nyanja ya Chilwa, kukaona mkhristu wathu wakale. Anali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina kuno ku Zomba, ndipo anatumikirapo m'bungwe la parishi. Anandilola kuti ndikufotokozereni nkhani yawo, koma dzina ayi.

Ndinawapeza pakhonde akupeta mpunga ndi mayi a kunyumba kwawo. Titamwa thobwa anayamba kusimba. Ndalama zawo zopumira pantchito zinachedwa kutuluka, ndipo pozidikira anakongola kwa akatapila. Zitatuluka, anabweza ngongole, zotsala anagula minibasi yakale chifukwa anzawo anawauza kuti imabereka ndalama tsiku ndi tsiku. Iwo sanayendetsepo bizinesi ya galimoto chibadwire. Chaka chisanathe minibasi ija inali itakhala pa njerwa. Nyumba imene anayamba kumanga kumudzi inaima pa mawindo. Munda umene anasiya mayi awo anapeza ukulimidwa ndi ana a mlongo wawo, amene anawalandira mwaulemu koma maso awo ankafunsa kuti, malume amenewa zaka zonsezi anali kuti?

Koma chimene chinawawawa kwambiri si ndalama. Anati: "Bambo, ndinkadzuka 5 koloko monga kale, kusamba, kusita malaya, kumanga tayi. Ndikatha zonsezi ndinkakhala pampando apa, kusowa kolowera. Ku tchalitchi ndinasiya kupita, chifukwa kunalibe amene ankadziwa kuti ndinali ndani. Ndinali ngati maliro amene aiwala kuwaika."

Amene anawadzutsa si wansembe kapena katekisiti. Ndi nkhalamba ina ya Chisilamu, msodzi woyandikana nawo nyumba. Tsiku lina msodziyo anabwera ndi mdzukulu wake amene anali mu Sitandade 5 koma osatha kuwerenga. Aphunzitsi aja anakana, nati iwo anapuma. Msodziyo anaseka n'kunena kuti: "Aphunzitsi, ine ndaiona nyanja iyi ikuphwa kangapo. Ikaphwa sitikhala pa doko n'kumalira. Timapita kukaona kumene nsomba zathawira."

Lero ana oposa khumi amabwera pansi pa mtengo wa mango masana aliwonse akaweruka. Bambo aja amalembera amayi a banki m'khonde kaundula wa ndalama zawo. Lamulungu limene wansembe sanabwere, amathandiza kutsogolera mapemphero. Sanalemere ayi. Mawondo amawapweteka, mayi a kunyumba ali ndi matenda a shuga, nyumba ija denga lake linafoleredwa mbali imodzi. Koma munthu amene ndinacheza naye ndi wamoyo.

Zimene nyanja imaphunzitsa

Mawu a msodzi uja ndakhala ndikuwasinkhasinkha. Inu nonse mukuidziwa Chilwa, ngakhale ena mumangoionera patali mukakwera phiri la Zomba. Ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi muno, koma ndi yosazama. Imadalira mvula ndi mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Mvula ikavuta zaka zingapo zotsatizana, madzi amabwerera m'mbuyo. Akuluakulu amakumbukira kuphwa kwa 1968. Ambiri tikukumbukira 1995, ndipo mu 2018 tinaona zithunzi za ngalawa zitagona pa matope ong'aluka, anthu akuyenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi.

Munthu wobwera kumene akaona zimenezo amati nyanja yafa. Mwini dera amadziwa kuti matemba, makumba ndi milamba sizithera pomwepo. Zina zimabisala m'maiwe akuya a m'mitsinje ndi m'madambo, ndipo madzi akabwerera zimaswana n'kudzazanso nyanja. N'chifukwa chake pa nthawi yotere anthu anzeru amaletsa kuthira katupe m'maiwe aja. Ukapha nsomba za m'dziwe chaka cha chilala, wapha nsomba za zaka zam'tsogolo.

Kupuma pantchito kuli ngati kuphwa kumeneku. Malipiro a pakutha pa mwezi, galimoto ya ku ofesi, nyumba ya boma, anthu okugwadira, zonse zimabwerera m'mbuyo ngati madzi. Funso la lero ndi ili: kodi moyo wanu uli ndi maiwe othawirako? Nanga mukuwateteza kapena mukuthiramo katupe?

Mulungu ndiye anayamba nkhani ya kupuma

Ena amaganiza kuti kupuma pantchito n'kwa Azungu, kapena kuti ndi njira ya boma yochotsera anthu. Tsegulani buku la Numeri, mutu 8. Pamenepo Mulungu akulamula Mose za Alevi, anthu amene ankatumikira m'chihema chopatulika. Ankayamba ntchito ali ndi zaka 25, ndipo akafika zaka 50 ankayenera kutula ntchito yolemetsa ija. Koma lamulolo silinawathamangitse. Linawalola kukhalabe pamenepo n'kumathandiza abale awo aang'ono. Katundu anachoka pa mapewa, koma utumiki unatsala.

Onaninso Barizilai m'buku lachiwiri la Samuele, mutu 19. Anali ndi zaka 80, ndipo anali atadyetsa Mfumu Davide pa nthawi imene inkathawa mwana wake Abisalomu. Nkhondo itatha, Davide anamuitana kuti akakhale naye ku Yerusalemu, azikadya za kunyumba ya mfumu. Barizilai anakana. Anavomera poyera kuti lilime lake silimvanso kukoma kwa zakudya ndipo makutu ake samvanso bwino nyimbo. Anapempha kubwerera kwawo kuti akafere pafupi ndi manda a makolo ake, ndipo mwayi uja anaupereka kwa wachinyamata wotchedwa Kimuhamu. Mkulu ameneyu ankadziwa msinkhu wake, ndipo sanachite nawo manyazi.

Mpingo wathu umatsata nzeru yomweyi. Episkopi akakwanitsa zaka 75 amalembera Papa kalata yopempha kutula pansi udindo. Mu Febuluwale 2013 Papa Benedict XVI, ali ndi zaka 85, anadabwitsa dziko lonse pamene ananena kuti mphamvu zake zachepa ndipo akutula pansi upapa. Anakhala zaka pafupifupi khumi zotsatira m'moyo wa pemphero. Ngati Papa angathe kusiya mpando wa Petulo Woyera, ine ndi inu tingakakamire chiyani?

Komanso tisaganize kuti Mulungu amasiya kuitana munthu tsitsi likayera. Mose anali ndi zaka 80 pamene anakaima pamaso pa Farao. Papa John XXIII anasankhidwa mu 1958 ali ndi zaka 76, anthu n'kumati angosungira ena mpando. Iyeyo ndiye anaitanitsa Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, umene unatsegula njira yoti lero tizichita Nsembe ya Misa m'Chichewa. Ndipo pamene Yesu wakhanda anaperekedwa m'Nyumba ya Mulungu, ansembe otanganidwa sanamuzindikire. Anamuzindikira ndi nkhalamba ziwiri, Simeoni ndi Anna, mayi wamasiye wa zaka 84 amene ankakhalira kupemphera ndi kusala zakudya. Anali ndi nthawi yoyang'ana, ndipo maso awo anali atazolowera kudikira.

Mzinda wathu womwewu ndi umboni. Mu 1975 Zomba analandidwa ulemu wokhala likulu la dziko, maofesi ambiri n'kusamukira ku Lilongwe. Analipo amene ankati mzinda uno watha. Taonani, tikadali pano, ndipo ana ochokera m'maboma onse amabwera kudzaphunzira kuno.

Katupe wa mitundu itatu

Pali zinthu zitatu zimene ndaona zikupha anthu opuma pantchito nthawi yawo isanakwane.

Choyamba ndi kuganiza kuti iwe ndi udindo wako ndinu chinthu chimodzi. Munthu akakhala zaka makumi atatu akutchedwa bwana, ahedi, asisitala kapena asajeni, amaiwala dzina limene anapatsidwa pa ubatizo. Udindo ukachoka amatsala ngati chikwa chopanda kanthu m'kati. Ena amayamba kulamulira m'nyumba ngati kuti akazi awo ndi mesenjala. Amayi ambiri andidandaulira kuti: "Bambo, chipumireni amuna anga ndilibe mtendere, amawerenga ndi machesi omwe." Ena amabweretsa ubwana uja ku mphakati, osalola kuti wachinyamata atsogolere ngakhale pemphero lotsekera. Abale anga, pa tsiku la ubatizo wanu Mulungu sanafunse satifiketi. Anakutchulani mwana wake musanagwire ntchito iliyonse, ndipo dzina limenelo lilibe zaka zopumira.

Chachiwiri ndi ndalama. Ndiyankhule mosabisa, pakuti Mpingo umene umangolankhula za kumwamba anthu akumira m'ngongole ndi wosakhulupirika. Ndalama zopumira pantchito zimabwera kamodzi, ndipo kwa ambiri ndi ndalama zochuluka zimene sanazigwirepo. Zimamveka fungo kutali. Abale amene simunawaone zaka khumi amakumbukira njira. Pamabwera anthu a mabizinesi olonjeza phindu lowirikiza pa mwezi umodzi. Pamabwera alaliki ena onena kuti mubzale mbewu kuti Mulungu akuchulukitsireni. Abambo ena, ndikunena ndi chisoni, amaona kuti ino ndiyo nthawi yopeza mkazi wachitsikana, n'kusiya mayi amene anavutika naye pa malipiro ochepa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Kumbukiraninso kuti ndalama imasungunuka ngakhale osaigwira. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Amene anapuma zisanachitike izi akudziwa zimene zinachitikira penshoni yawo pa msika wa Mpondabwino. Choncho khalani pansi ndi akunyumba kwanu ndalama zisanafike, osati zitatha. Yambani ndi denga la pamutu panu. Musalowe bizinesi imene simukuidziwa chifukwa choti mnzanu inamuyendera. Ndipo kukana pempho la m'bale si tchimo ngati kuvomera kukusiyani opanda mankhwala.

Chachitatu ndi kuwawidwa mtima. Chilwa imalandira madzi a mitsinje yambiri koma ilibe mtsinje wotulutsa, n'chifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere. Mtima wa munthu umateronso. Ukamangosunga: anandidumpha pa kukwezedwa, ana amene ndinawaphunzitsa sandikumbuka, boma linandigwiritsa ntchito n'kunditaya, osatulutsa kalikonse, umasanduka wowawa. Madandaulo enawo ndi oona, sindikukana. N'kulakwa kuti munthu amene watumikira dziko moyo wake wonse azizunzika ndi maulendo otsatira ndalama zake, ndipo inu amene mumagwira mafayilo a anthu opuma pantchito dziwani kuti kuchedwetsa dala fayilo kapena kupempha kangachepe ndi tchimo loyenera kulapa. Komabe inu olakwiridwa, musalole kuti zaka zimene Mulungu wakuwonjezerani zithere m'kuwerenga milandu. Bwerani nazo ku Sakramenti la Kulapa. Pitani kwa m'bale amene simulankhulana naye. Nthawi yoti tidzakambirana mawa yachepa.

Maiwe oyenera kuteteza

Dziwe loyamba ndi pemphero. Zaka zonsezi mwakhala mukunena kuti mukanakonda kubwera ku Misa ya m'mawa koma ntchito. Tsopano chifukwa chimenecho chatha. Ikani nthawi yokhazikika: Misa ya m'kati mwa sabata, korona madzulo, mutu umodzi wa Malembo Oyera tsiku lililonse. Munthu wopuma pantchito amafunika chomudzutsa m'mawa, ndipo palibe chabwino choposa ichi. Salimo 92 limayerekeza munthu wolungama ndi mtengo wobzalidwa m'bwalo la Nyumba ya Mulungu, umene umabalabe zipatso ngakhale utakalamba. Chinsinsi chake chili pa malo pamene mtengowo unabzalidwa.

Dziwe lachiwiri ndi banja. Ambiri mwa inu ana anu anakula inu muli kuntchito, kapena mukusamutsidwa kuchoka boma lina kupita lina. Zaka zimenezo sizibwerera, koma adzukulu alipo. Auzeni nthano, aphunzitseni chizindikiro cha mtanda, afotokozereni kumene mtundu wawo unachokera. Pali agogo ambiri m'parishi ino amene akulera ana amasiye, ndipo kwa iwo mawu oti kupuma ndi nthabwala chabe. Inu agogo otere, Mpingo ukukugwadirani. Lembaninso wilo mukadali ndi nzeru zanu zonse. Kulemba wilo si kuitana imfa. Lamulo la dziko lino la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa amasiye, komabe pepala lolembedwa bwino limateteza mkazi wanu ndi ana ku mikangano imene timaiona pa maliro.

Dziwe lachitatu ndi thupi lanu. Nalonso ndi mphatso ya Mulungu. Kayezetseni BP ndi shuga musanagwe. Imwani mankhwala monga adokotala anenera, ndipo wina asakunamizeni kuti kumwa mankhwala ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Yendani pansi, gwirani khasu molingana ndi mphamvu zanu. Abambo, chenjerani ndi mowa wa m'mawa. Umayamba ngati kocheza ndi anzako, umatha ngati sitiroko. Ndipo musaope Sakramenti la Kudzoza Odwala. Si chiphaso cha ku manda. Munthu wokalamba amene mphamvu zachepa angathe kulilandira ngakhale sali kayakaya, ndipo angalilandire kangapo. Tiitaneni msanga, musadikire kuti wodwala asiye kulankhula.

Dziwe lachinayi ndi utumiki. Bambo a kwa Kuntumanji aja anachira tsiku limene anagwiranso choko. Luso limene munaligwiritsa ntchito kwa zaka makumi atatu silinali la boma, linali la Mulungu, boma linangobwereka. Mwa inu muli anamwino amene angayeze BP ya anzawo ikatha Misa. Muli owerengera ndalama amene angathandize miphakati kusunga bwino mabuku. Muli aphunzitsi amene angathandize ana a Tilitonse ndi olemba mayeso a Sitandade 8. Muli apolisi ndi oyang'anira ndende amene amadziwa bwino mmene mnyamata amayambira kusokonekera, ndipo angamubweze asanafike kumene iwo ankagwira ntchito. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma dambo limene lili kutali ndi moto silizimitsa kanthu.

Kwa inu amene mukadali pantchito

Inu a zaka 35 kapena 45 mwina mukuti uthenga uwu ndi wa ena. M'mera m'poyamba. Kalata ija ikubwera, ndipo tsiku lake mungathe kuliwerengera lero lomwe. Malamulo a penshoni amati olemba ntchito azipereka ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro anu, inu n'kumadulidwa zosachepera 5 peresenti. Kodi munafunsapo ngati ndalamazo zikufikadi kumene ziyenera kupita? Ndipo inu akhristu olemba anzanu ntchito, kudula munthu ndalama ya penshoni osaipereka ndi kuba, ngakhale mutapereka chachikhumi chochuluka bwanji.

Ngati mukuganiza zodzabwerera kumudzi, yambani lero kuyenda njira ya kumudzi. Pitani ku maliro, kaoneni odwala, dziwanani ndi amfumu ndi ana a alongo anu. Munthu sangasowe zaka makumi atatu n'kudzafika ndi lole ya katundu akuyembekeza kuti amuyalira mphasa. Ngati mukuganiza zokhala kuno ku tauni, konzekani moona mtima: lendi, madzi ndi magetsi sizipuma pantchito. Ndipo musadikire kupuma kuti mudzayambe kupemphera. Dziwe limakumbidwa madzi akadalipo.

Tisaiwale kuti anthu ambiri m'dziko muno sadzalandira kalata iliyonse. Msodzi wa pa Chilwa, mlimi wa mpunga, mayi wogulitsa matemba, mnyamata wa kabaza, mtsikana wogwira ntchito m'nyumba mwanu, onsewa alibe penshoni. Amagwira ntchito mpaka thupi litakana. Ena ochepa amathandizidwa ndi Mtukula Pakhomo, koma ambiri amadalira ana ndi anansi. Inu amene mumalandira kangachepe pa mwezi, ngakhale n'kochepa, muli ndi chimene anzanu a msinkhu wanu alibe. Muziwakumbukira.

Kwa ana ndi adzukulu

Tsopano ndilankhule ndi inu achinyamata. Lamulo lachinayi, lolemekeza atate ndi amayi, silitha mphamvu makolo akasiya kubweretsa ndalama. Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 3, limatilangiza kusamalira kholo pa ukalamba wake ndi kulipirira ngakhale nzeru zake zitayamba kuchepa. Kutumiza ndalama pa foni n'kwabwino, pitirizani. Koma foni siikumbatira munthu. Pitani mukakhale nawo pa mphasa, mumvere nkhani ija imene mwaimva kale kasanu.

Pali chinthu china chochititsa manyazi chimene sindingachidumphe. M'dziko lathu lino okalamba akumenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ndi kuphedwa powaganizira ufiti. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa tsiku limodzi mtsikana wina atamwalira ndi mphezi. Nkhani zotere sizinathe, tikuzimvabe pa wailesi. Nthawi zambiri amene amayambitsa ndi achibale, ndipo ukafufuza bwino umapeza kuti pansi pake pali munda kapena nyumba. Gogo akayamba kuiwala, kulankhula yekha kapena kusochera usiku, amenewo ndi matenda a ubongo amene amabwera ndi ukalamba. Afunika chipatala ndi chikondi. Malamulo a dziko lino amaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo lamulo la Mulungu limaletsa kupha ndi kunamizira. Mkhristu amene amaloza chala nkhalamba, kapena kungoima n'kumaonerera, sangabwere kudzalandira Ukaristia ngati kuti palibe chachitika. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nonse amene mukupempha Mulungu moyo wautali, mukupempha kudzakhala nkhalamba.

Zoti tichite ngati parishi

Ndikupempha zinthu zinayi, ndipo ndidzazifunsa pa msonkhano wa bungwe la parishi.

Mphakati uliwonse ulembe mayina a okalamba ndi odwala onse a m'dera lake amene sathanso kufika ku tchalitchi, Akatolika ndi ena omwe, ndipo mayinawo afike ku ofesi mwezi wa Ogasiti usanathe, kuti tikonze zowayendera ndi kuwapititsira Ukaristia amene amalandira.

Inu amene muli ndi galimoto, yang'anani ngati pa njira yanu pali gogo amene akanabwera ku Misa akanapeza womunyamula. Mpando umodzi wokha.

Onse amene munapuma pantchito, ndi amene mwatsala ndi zaka zosapitirira zisanu, tikumane Lachitatu likudzali ikatha Misa ya m'mawa mu holo ya parishi. Sipadzakhala chopereka kapena yunifolomu. Tidzamwa tiyi, tidzamvetserana, ndipo aliyense adzanena chimene manja ake amadziwa.

Pomaliza, banja lililonse lichite kanthu kamodzi sabata ino: kuyendera, kuimbira foni kapena kupempha chikhululuko kwa wokalamba mmodzi. Ngati agogo anu anatsogola, aperekereni Misa, ndipo mupeze gogo wina amene alibe womuyendera.

Pamene ndinkatsanzika kwa Kuntumanji, bambo aja anandiperekeza mpaka pa msewu, akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo. Ndinawafunsa ngati amaisowa tauni. Anati amaisowa, makamaka kwaya ya Misa yachiwiri. Kenaka anaonjeza kuti: "Koma mukawauze anzanga kuti asaope. Ine ndinataya zaka ziwiri ndikulira pa doko." Ndawauza tsopano.

Ambuye Yesu anamuuza Petulo, m'mutu womaliza wa Mthenga Wabwino wa Yohane, kuti akadzakalamba adzatambasula manja ndipo wina adzamumanga lamba n'kupita naye kumene iye sakufuna. Mawuwo ankanena za imfa imene Petulo adzalemekeze nayo Mulungu, koma okalamba ambiri amadziona m'menemo. Lidzafika tsiku limene ngakhale utumiki umene ndatchula uja sudzathekanso, pamene ena adzatisambitsa ndi kutidyetsa. Tsiku limenelo silidzachotsa ulemu wathu. Atangonena zimenezo, Ambuye anamuuza Petulo kuti amutsate, monga anamuuzira ali mnyamata m'mbali mwa nyanja ya Galileya. Kuitana n'komweko, pa zaka 25, pa zaka 60 ndi pa zaka 90.

Tipemphere

Atate a chifundo, Inu amene munatinyamula tisanabadwe ndipo simutitaya tsitsi likayera, tikukuthokozani chifukwa cha agogo ndi makolo athu. Dalitsani amene apuma pantchito ndi amene akuyembekeza kupuma. Chotsani mantha mwa amene sakudziwa kuti mawa adya chiyani, tonthozani amene atsala okha, tetezani amene akunamiziridwa, ndipo limbitsani agogo amene akulera ana amasiye. Dalitsani asodzi ndi alimi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, muwapatse mvula ya pa nthawi yake. Tipatseni maso a Simeoni ndi Anna, kuti tizindikire Mwana wanu pamene akubwera kwa ife. Tikupempha kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.

Yowakimu ndi Anna Oyera, mutipempherere ife.

Mulungu akudalitseni nonse, ndipo mukhale ndi sabata yabwino.

Ndine wanu mwa Khristu,
Bambo Mfumu